Tsiku Limene Ndinayeretsa Mwala wa Tinsomba

Uthenga unandipeza ndikusankha nyemba. Ndinali m'khitchini mwathu muno mu Erdington, lichero lili pamiyendo, pamene ndinamva dididi pamasitepe. Anali mdzukulu wanga, mtsikana wa malemu mwana wanga wamwamuna, foni m'manja, phazi lina sokosi lina lopanda.

"Agogo! Agogo, anditenga! Ku yunivesite anditenga!"

Nyemba uko, lichero uko. Ndinaimirira ine, ndinavina ine, ndinaluluta ine mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa kuseri kwa khoma. Lululu, mwana wa mwana wanga! Ine wa Sitandade 2, ine wa sukulu ya kwacha, ine wolemba dzina langa lilime lili panja, lero ndabala wa ku yunivesite! Apongozi anga, mayi ake a mtsikanayu, anali atavala kale yunifolomu kuti azipita ku shifiti kosamalira okalamba. Anangokhala pansi pasitepe, chikwama chili paphewa, misozi chuchuchu.

"Mkazi mnzanga," ndinatero kwa mdzukulu wanga, pakuti ndimo ndimamuitanira tikamaseka, "ukakaphunzira chiyani, udokotala?"

"Za m'nyanja, Agogo. Nsomba."

"Nsomba nazonso zimafuna digiri? Ine ndaziphika zaka zonsezi wopanda pepala!"

Anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Sukuluyo ili kunyanja yamchere, kumapeto kwenikweni kwa dziko lino, ulendo wa theka la tsiku pasitima. Kuno ku Birmingham nyanja kulibe, kuli ngalande basi.

Masana ndinamupeza pabalaza atakhala pansi, chipumi atachigunditsa pathanki ya bambo ake.

"Sindipita," anatero. "Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata yamawa kuti ndikonfeme. Ndikansela."

"Wati chiyani?"

"Amami amachoka m'mawa, amabwera atatopa. Makalata a kuchipatala azikuwerengerani ndani? Basi azikukwezani ndani? Nanga tinsomba ta adadi?"

Ankanena zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Chifikireni kuno, mwana ameneyu ndiye maso anga, ndiye pakamwa panga. Pamsewu ndimayenda nditamugwira mkono. Koma mwana wakhoza, n'kukhala pansi kulondera nkhalamba ndi tinsomba tiwiri? Iyayi, ine iyayi.

Ndifotokoze za thankiyo. Mwana wanga anabwera kuno ali mnyamata, ndipo ankagwira ntchito cha ku Longbridge m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta, zongoyang'ana, zosadyedwa. Kunyumba anaika thanki yagalasi ya madzi amchere, ofunda ngati osambitsira khanda, nyali yabuluu pamwamba. Pakati pake panali mwala wa nthambi, wonga kamtengo kopanda masamba, wamtundu wa khofi, wooneka ngati wagwira ndere. M'nthambi zimenezo munkakhala tinsomba tiwiri.

Nditabwera kudzamudwazika, tsiku loyamba lomwelo ndinati, "Nsomba zako nazonso zikudwala, mwanawe. Nsomba yamoyo imasambira. Izi zangotera panthambi ngati mbalame."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nthawi imeneyo ankathabe kutsika masitepe. Anandikhazika pampando, n'kundigwira dzanja kundilozetsa.

"Amayi, penyani bwino. Dzina lake gobi. Kutalika kwake chala chanu chachikuluchi. Mtundu wake ndimu yakupsa. Mutu waukulu wobulungira ngati wa khanda, thupi lophwatalala m'mbali kuti kazilowa bwino pakati pa nthambi. Tsopano onani kumaso."

Ndinapenya, ndipo ndinagwira pakamwa. Kumaso kwake kunali mizere yabuluu yotsika, iwiri yodutsa padiso, iwiri kumbuyo kwa tsaya, ndi kadontho kakuda pamwamba pake. Mphini! Mphini zenizeni, zonga zimene anali nazo mayi anga m'masaya.

"Nanga osasambira bwanji?"

"Kali ndi kambale pachifuwa, zipsepse ziwiri zolumikizana. Kamamata nako panthambi, madzi akakoka sikachoka. Mamba kalibe. Khungu lake n'loterera ngati therere, koma lowawa, moti chinsomba chachikulu chikakaluma chimalavula. Kwawo n'kumadzi ofunda osaya, ngakhale ku Mozambiki uko pafupi ndi kwathu tiliko. Tikasankha mwala umodzi, kakamuna ndi kakakazi, basi ndi pomwepo. Sitisamuka."

"Takuposa iwe," ndinatero. "Iwe unasamuka n'kundisiya."

"Ndinakusiyani, koma si ndakuitanani?"

Za tinsomba anandiuza zonse. Za mwala anangoti ndiwo nyumba yake, ine osafunsa zambiri. Mwala ndi mwala, ukafunsenji?

Matenda atakula, masitepe anamukanika. Ankagona m'chipinda cham'mwamba, ine n'kumamupititsira phala m'mawa uliwonse. Ndisanaike n'komwe mbale patebulo, funso linali limodzi.

"Amayi, mwala uja wayera?"

Ndinkatsika, n'kusuzumira, n'kukweranso ndi mawondo angawa.

"Sunayere, mwanangu. Udakali bii."

"Chabwino," ankatero, n'kutseka maso.

Tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lomaliza. Wayera? Sunayere. Chabwino. Ine mtima unkandiwawa. Kwathu choyera ndi chabwino: ufa woyera, nsalu yoyera, mtima woyera, Mzimu Woyera. Odwala akagona bwino timathokoza kuti kunja kwayera. Ndinkati mwana wanga akudikira kuti mwala wake uyere, ndipo wapita asanauone. Zaka ziwiri ndinkadutsa pathankiyo n'kumauyang'ana mwalawo ndi diso loipa.

Ndiye mtsikana atati sapita, ndinati ndimuonetsa. Aone kuti gogo wakeyu angathe kusamala za bambo ake, angathenso chimene onse chinawakanika.

Loweruka apongozi anapita ku shifiti, mtsikana anapita ku ganyu yake m'sitolo ya nsalu ku Sparkhill. Ndinapinda manja a juzi n'kupisa m'madzi. Tinsomba tinakana kuchoka. Tinamatirira panthambi ndi timbale tija, ndinachita kutikankha ndi supuni. Ndikanamva pomwepo, ine. Koma ndinali m'chimwemwe, ndipo chimwemwe changa chilibe makutu.

Mwalawo ndinauika musinki, ndinatsegula madzi otentha, ndinatenga mswachi wakale. Ndinakwecha ine, nthambi ndi nthambi, mphanda ndi mphanda. Zakhofi zija zinkasenda ngati khungu la mbatata yophika, n'kumatsika ndi madzi. Fungo linatuluka lamphamvu, ndinati ee, litsiro la zaka zambiri. Ndinauyanika pakhoma la kuseri, padzuwa lochepa la kunoli. Unayera, abale, unayera mbee ngati ufa wa pamphasa. Ndinaubwezera m'thanki ndikuimba:

Wayera, wayera,
mwanangu dzuka uone,
wayera lero, wayera.

Ndinavala chitenje chatsopano n'kukhala pampando kudikira.

Chitseko chinatseguka. Mtsikana analowa akutafuna chingamu, anayang'ana ine, anayang'ana thanki. Chikwama chinagwa. Anayamba kulankhula Chingerezi chothamanga, monga achitira mawu akamulemera, manja ali kumutu. Ine ndikumwetulirabe, chitsiru cha Mulungu.

"Wayeratu, mkazi mnzanga. Bambo ako ankafunsa tsiku lililonse."

Anatsitsa manja. Kenako anasaka Chichewa chake chochepacho, liwu ndi liwu.

"Agogo, mwaupha."

"Mwala umafa?"

"Si mwala. Ndi korali. Ndi tizilombo tamoyo tambirimbiri, timamanga nyumba n'kukhala pamwamba pake. Zakhofi zija ndiye thupi. Choyerachi ndi mafupa, Agogo. Mafupa." Analoza mwalawo. "Adadi anaubweretsa uli kachidutswa ngati chikhadabo, ine ndisanayambe sukulu. Ukadwala umayera. Akamafunsa, ankaopa."

Ndinakhala pansi pakapeti ndi chitenje changa chatsopanocho. Chamoyo chimene mwana wanga anachilera zaka zonsezo, chimene anachisiya chikupuma m'nyumba muno, ndinachisenda ndi mswachi ndikuimba nyimbo. Mayo ine. Mayo ine, manja angawa.

Mtsikana sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangosintha madzi a m'thanki, chidebe ndi chidebe. Apongozi atabwera anaima pakhomo la pabalaza, anaona, anati, "Amayi, simunadziwe," n'kukwera m'mwamba. Chakudya tsiku limenelo chinabwerera m'firiji.

Tinsomba tinaukana mwala woyerawo. Tinkauzungulira, n'kuununkhiza, n'kubwerera. Kena kanakamata pakona ya galasi, kena papaipi ya madzi. Chikasu chija chinazilala, mphini zinayamba kufufuma. Chakudya chikagwa sitinkachiyang'ana. Lachiwiri m'mawa ndinapeza kamodzi kali gada pamchenga, kambale kake kali m'mwamba, kopanda chogwira. Ndinakakulunga m'kansalu n'kukakwirira mumphika wa maluwa kuseri. Ndinaimba nyimbo ya maliro chapansipansi, aneba angandiyese wamisala.

"Mwaonatu, Agogo," anatero mtsikana, mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunandilasa. "Sindingapite. Lachisanu ndiwalembera."

Lachitatu onse atachoka ndinatsegula sutikesi ya malemu. Ndinatulutsa malaya ake a kuntchito, aja olembedwa dzina la sitolo pachifuwa. Ndinavuula mwala woyera uja n'kuukulunga m'chitenje. Ndinatenga ndimu imodzi m'khitchini ndi bolopeni yabuluu ya mtsikana. Chifikireni ku Ulaya ndinali ndisanadutsepo ngodya ya msewu wathu ndekha. Ndinapemphera pakhomo, ndinakhoma, ndinatuluka.

Kusiteshoni ndinati kwa bambo wa matikiti, "Longibiriji." Anandifunsa kawiri, ndinamuonetsa malaya, anagwedeza mutu n'kundilozera mbali yoimira. M'sitima ndinakhala pawindo, mwala pamiyendo ngati mwana wodwala. Siteshoni iliyonse ndinkawerenga chikwangwani ndi chala m'mwamba, kufunafuna L, chilembo chokhala ngati khasu. Tinalowa pansi pa tauni, mumdima, anthu anatsika, ena anakwera, ine phee. Nditaiona L yotsatana ndi O ndi N, ndinatsika.

Ndinayenda ndi malayawo m'manja ngati mbendera. Mayi wina wokankha mwana anandilozera kumanja. Bambo wina wosesa anandilozera kupitirira pamaloboti. Ndinasochera kamodzi, ndinabwerera, ndinaipeza.

M'katimo munali mathanki mpaka kudenga, ndi mzungu wachikulire wa ndevu zoyera akupukuta galasi. Ndinamupatsa moni wa Chingerezi, ndiwo wokha ndili nawo. Kenako ndinayala malaya patebulo. Anawayang'ana, anandiyang'ana nkhope, ndipo anatchula dzina la mwana wanga. Analitchula mokhota, mwachizungu, koma linali lomwelo. Ndinadziguguda pachifuwa: mayi wake, ine. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Ndinamasula chitenje. Ataona mwala woyerawo anapuma mozama. Ndinamuonetsa ndi manja mmene ndinakwechera, ndipo sindinabise nkhope, ndinalakwa ndine. Tsono kuti adziwe mwini nyumbayo, ndinaika ndimu patebulo. Ndinaimika chala chachikulu. Ndinatenga bolopeni n'kudzilemba kumaso, mizere iwiri padiso, iwiri kumbuyo kwa tsaya, kadontho pamwamba. Ndinapinda dzanja ngati kambale pachifuwa n'kudzimata pathebulo lake. Ndinaonetsa zala ziwiri, n'kupinda chimodzi.

Mzungu uja anaseka, misozi ili m'ndevu. "Gobi," anatero.

"Gobi!" ndinatero ine. Tinamvana.

Ananditengera kuseri, kuthanki yaitali yosaya. Munali mwala wina wa nthambi, waukulu, wakhofi bii, wamoyo. Analoza mwalawo, analoza malaya a mwana wanga, anachita ngati akuthyola kanthu n'kuika m'thumba. Ndinamva: kachidutswa ka mwana wanga kanachokera pamenepa. Uyu ndiye mayi wake. Anatenga kapulayala, anadula kanthambi kotalika ngati chala changa chamkombaphala, anakaika m'pulasitiki ya madzi n'kumanga. Anandigwiritsa pulasitikiyo pamimba, n'kunena mawu amene sindinawamve, koma ndinadziwa: kasazizidwe.

Ndinakamangirira m'chitenje pamimba, mkati mwa jasi, ngati ndili ndi pakati pa ukalamba. M'sitima yobwerera anthu ankandiyang'ana. Ndinaiwala kuti kumaso ndili ndi mphini za bolopeni.

M'sitimamo ndi mmene chinandifikira china. Wayera? Sunayere. Chabwino. Ine ndinkayesa ndikumupatsa mwana wanga uthenga wachisoni m'mawa uliwonse, ndinkakwera masitepe ndi mtima wolemera. Chikhalirecho ndinkamupititsira uthenga wabwino pamodzi ndi phala. Sanafe akudikira kanthu. Ankatseka maso aja mtima utakhala pansi. Ndinalira kuyambira pansi pa tauni mpaka ku Erdington, inki ikutsika m'masaya, dzanja lili pamimba.

Ndinapeza mtsikana ali pageti, foni kukhutu, nkhope itatupa.

"Agogo! Munali kuti? Ndazungulira misewu yonse! Kumasoko mwatani?"

"Ndinapita ku Longibiriji."

"Ndi ndani?"

"Ndi miyendo yanga."

"Pasitima? Nokha?"

"Nanga sitimayo ndi ya amuna ako, mkazi mnzanga? Tsegula chitseko, mwana angazizidwe."

Nditamasula jasi anangoti kukamwa yasa. Anasamba m'manja, anayandamitsa pulasitiki m'thanki kuti madzi afanane kufunda, kenako anamata kanthambi kaja pamwala wina wa pansi pa thankiyo. Kanali kakang'ono, komvetsa chisoni, pamalo pamene panali mtengo wonse. Kansomba kotsala kanali pakona pake, sikanasunthe. Lachitatu linatha. Lachinayi linatha. Ine pampando, maso pagalasi, kupempha Mulungu zinthu zimene sindinaganizepo kuti munthu angapemphe.

Lachisanu m'mawa ndikusesa, ndinaona chikasu pakati pa thanki. Kanali katatera. Kanamata ndi kambale kake pakanthambi kaja, mutu uku mchira uku zikutulukira, mwini nyumba kukula kuposa nyumba. Sindinalulute. Ndinakwera masitepe, masitepe omwe aja, n'kugogoda.

Tinakhala pansi tonse awiri kukayang'ana.

"Kali kokha," anatero mtsikana.

"Kali kokha, koma kagwira."

"Mukadzadwala?"

"Amayi ako alipo, a kumpingo alipo. Kalata ikabwera ndiijambula pafoni, uziwerenga uli konko. Sitima ndaidziwa. Undiphunzitse za madzi ndi mchere, ndilembe m'kope mwanga. Ndinapha chimodzi cha bambo ako, mwanawe. Usandiphetse chachiwiri, tsogolo lako."

Kenako anatenga foni, anadinadina, anandionetsa ngakhale akudziwa kuti sindiwerenga Chingerezi.

"Ndakonfema," anatero, n'kugoneka mutu pamiyendo panga. Ndinamusisita tsitsi. Amene ndinapambana ndine, koma sindinavine.

Anapita. Nyumba inakula, masitepe anatalika. Mwala woyera uja ndinauika pawindo la kuchipinda kwanga, ndimauona ndikadzuka, sindifuna kuiwala. M'kope ndinalemba ndi dzanja langa: kansomba kakhale kachikasu, mphini zioneke, kadye, kamate panthambi. Madzi afunde. Mswachi ayi. Kanthambi kaja katulutsa timphanda tiwiri, pang'onopang'ono, mwina ine sindidzauona uli mtengo. M'mawa uliwonse foni imalira, ndipo moni asanathe funso limabwera ndi mawu onga a bambo ake.

"Agogo, wayera?"

"Sunayere, mkazi mnzanga. Udakali bii."

"Chabwino."

Koma ndisatseke kope ndisanalembe za Lamulungu lija asananyamuke, pamene tinabwera kuchokera kutchalitchi n'kupeza nyumba yathu yaing'onoyi itadzaza mpaka pamasitepe. Ndinavina tsiku limenelo, ndinavina ndikulira, ndinalira ndikuvina. Mayina awo enieni ndawasunga mumtima, pano ndiwatchula monga timaitanirana.

Anabwera abusa ndi amayi busa, lululu. Anabwera amayi a chigwirizano asanu ndi mmodzi, ndi mandasi m'mabeseni. Anabwera amalume ake a mtsikana kuchokera ku Wolverhampton, ndi akazi awo, ndi mapasa awo osamva Chichewa. Anabwera azakhali a ku Coventry amene amafika mochedwa paliponse, ndipo anachedwa. Anabwera anzawo a apongozi a ku shifiti, wa ku Dedza, wa ku Mulanje, ndi wa ku Chipata uja woseka ngati belu, onse atatu ali m'yunifolomu. Anabwera mayi mwini sitolo ya nsalu ku Sparkhill, ndi masamusa. Anabwera aphunzitsi ake a sayansi. Anabwera aneba a galu, galuyo anamusiya. Anabwera mzungu wa ndevu wa ku Longbridge, atavala tayi, anagwada pathanki nthawi yaitali. Analipo apongozi anga, mkazi wolimba, mkazi wa mwana wanga. Analipo mwini tsiku, mdzukulu wanga, mkazi mnzanga, maso anga. Ndinalipo ine. Kanalipo kansomba ka mphini pakanthambi kake. Ndipo pamsana pa mpando wa pafupi ndi thanki ndinayalapo malaya a kuntchito aja, ndipo palibe anakhalapo.